Chaka Chimene a Gondwe Analowa M'madzi

Ndikakumbukira a Gondwe, ndimamva fungo la klorini, mankhwala aja amathira m'madamu osambiramo kunyumba za anthu olemera. Fungolo linawalowerera m'ovolosi, m'chipewa ndi m'zala, moti ngakhale siwiti imene ankasolola m'thumba kutipatsa anafe tinkayamba taimva ndi mphuno isanafike pa lilime. Madzulo akamalowa pabwalo akukankha njinga yawo yolira ngati ikuthyoka, fungo lawolo linkapyola utsi wa parafini wochokera m'tinyumba tathu, linkapyola fungo la zipalapasiro za nkhuku zimene amayi ena ankawotcha pangodya ya msewu, n'kutiuza kuti agogo afika tisanawaone n'komwe.

Sanali agogo anga enieni. Iwo kwawo kunali ku Rumphi, ife kwathu ku Ntcheu, ndipo tikanakhala ku Malawi mwina sitikanadziwana. Koma kudziko la eni, ku Masiphumelele, kumapeto kwa msewu kumene nyumba zimathera n'kuyamba dambo la mabango, tinkachita lendi pabwalo limodzi, khoma lathu la malata litagundana ndi lawo. Akatsokomola m'nyumba mwawo, mayi anga ankati "pepani" ali m'nyumba mwathu. Bambo anga ankagwira ntchito ya zomangamanga kutali ku Kraaifontein ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, choncho mawu a mwamuna amene ndinakula ndikuwamva tsiku ndi tsiku anali a a Gondwe.

Munthu wosakhazikika ngati iwo sindinamuonenso. Tiyi ankamwa chiimire. Lamulungu pochokera ku tchalitchi, anzawo akakhala pa makireti n'kumakamba za kumudzi, iwo ankazungulira bwalo ndi hamala m'manja, kukhoma misomali imene inali yokhomeka kale, kusuntha matayala amene tinkatsindira denga kuti mphepo ya kumwera isaliulutse, kenaka n'kuwabwezera pomwe anali. Mayi akawapatsa mpando ankati, "Mpando ndi wa odwala, amake Tadala. Ine ndikadali bwino." Ntchito yawo inali ku Noordhoek, kumene ankatchetcha kapinga ndi kuyeretsa madamu osambiramo m'nyumba zingapo. Ankatisimbira za madzi obiriwira ngati galasi, oti ukaponyamo ndalama umatha kuiona ili pansi, ndipo ife, amene madzi ochuluka tinkangowaona akalowa m'nyumba nyengo ya mvula, tinkaganiza kuti munthu amene amaswera pambali pa madzi otere ayenera kukhala katswiri wosambira kuposa nsomba.

Eni bwalo lathu anali mayi wina wachiXhosa amene tonse tinkangomutchula kuti Mama. Anali ndi ana awiri, Lwazi ndi mlongo wake wamng'ono Asanda. Lwazi anali wamkulu pang'ono kwa ine. Ndiye anandiphunzitsa chiXhosa cha mumsewu ndi kuimba likhweru ndi zala ziwiri, ndipo kusukulu aliyense wondinena kuti ndine kwerekwere, mawu onyozera alendo, ankayamba wayang'ana ngati Lwazi ali pafupi.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, tsiku lotsatira Khrisimasi, bwalo lonse linapita kunyanja. Kunatentha kwambiri, malata akuchita kulira ndi dzuwa, ndipo tinayenda wapansi mpaka kugombe lalitali la ku Noordhoek titasenza mapoto a mpunga, wailesi ndi mabulangete oyala. Madzi a mbali imeneyo ndi ozizira ngati otuluka m'firiji, moti ambirife tinkangothamangira mafunde n'kuthawa akamabwera, tikukuwa. Lwazi yekha ndiye ankalowa mpaka m'chiuno. Anapeza malo ena pamene madzi ankaoneka odekha, opanda thovu, ndipo anatembenuka kutikodola kuti tibwere. Ndinamuona akukweza dzanja. Ndinamukwezeranso langa, ndikuseka. Kenaka ndinaona kuti mutu wake ukucheperachepera, ukupita kutali msanga kuposa mmene munthu angayendere, ndipo sanakuwe ngakhale kamodzi. Anthu amaganiza kuti womira amakuwa. Lwazi anangoyang'ana kumtunda, pakamwa pali yasa, mpaka funde lina linamuphimba.

Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi a Gondwe. Anathamangira m'madzi ndi nsapato zomwe, anafika m'mawondo, n'kuima. Anabwerera, nathamanga chotsatira gombe, nalowanso, n'kuimanso pomwe paja m'mawondo, manja ali kumutu, akukuwa m'chiTumbuka mawu amene palibe ankawamva. Akuluakulu onse anali pamenepo, amuna amphamvu onyamula matumba a simenti, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira. Pamene anthu opulumutsa anafika ndi bwato lawo, panalibenso chooneka. Mama ankayenda kwa munthu aliyense, kumugwira malaya n'kumufunsa, "Uphi umntwana wam?" Mwana wanga ali kuti? Nyanja inamubweza patapita masiku angapo, kutali ndi pamene inamutengera.

Maliro atatha, pabwalo panayamba manong'onong'o. Pampope, amayi akamatunga madzi, ndinkamva akuti, "Nanga a Gondwe aja, si ntchito yawo ndi ya m'madzi? Anangoima bwanji mwana akupita?" Ena ankati anaopa kufera mwana wa eni dziko. A Gondwe ankamva zonsezo, pakuti malata sabisa mawu. Anasiya kutipatsa masiwiti. Kuzungulira kwawo kunawonjezeka, koma tsopano kopanda hamala, amangoyenda kuchoka pageti kufika kuchimbudzi n'kubwerera, manja ali kumbuyo, ngati munthu wotaya chinthu.

Ine ndinagwidwa ndi mantha amene sindinkatha kuwafotokoza. Posamba sindinkalola kuti madzi andifike kumaso, ndinkangodzipukuta ndi kansalu. Mayi akanditsuka kumutu ndinkakuwa ndi kupalapata mpaka beseni kutayika. M'kalasi, aphunzitsi akamalemba pa bolodi, ndinkapezeka ndagwira mpweya osadziwa, kuyesa kuti munthu amatha nthawi yaitali bwanji asanafe. Ngakhale kumwa madzi m'kapu yaikulu kunkandibanikitsa. Ndipo sindinali ndekha. Ana onse a mumsewu wathu tinasiya kutchula nyanja, ndipo makolo anaika lamulo loti aliyense wopezeka ndi mchenga m'nsapato alawa lamba. Mayi anga anachita kulumbira kuti ine ndi madzi tidzakumana m'beseni basi.

Tsiku lina Loweruka mayi ankasita panja, ine ndikuwapatsira zovala, pamene a Gondwe anadzaima patsogolo pathu chipewa chili m'manja.

"Amake Tadala, ndikufuna mundibwereke mwanayu Loweruka likubwerali. Ndapeza munthu woti aphunzitse anawa kusambira."

Mayi anaimika simbi. "A Gondwe, mwadwala kodi? Dothi la pamanda a mwana wa eni ake silinaume n'komwe."

"N'chifukwa chake ndabwera."

"Wanga sapita. Ndamuletsa, ndipo wamva."

"Wamva lero," anatero a Gondwe. "Nanga akadzafika zaka zoyenda ndi anzake, inu muli kuntchito? Tayang'anani kumene tikukhala kuno. Uku nyanja, uku nyanja, kuseri dambo. Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima, amake Tadala. Kuletsa mwana sikumuphunzitsa."

Mayi anga ndi munthu wosachedwa kupsa mtima. Anayankha mokweza, moti anthu anasuzumira m'makomo. "Inuyo mukundiuza zimenezi? Inu amene munaima n'kumaonerera? Ndi kudziwa kusambirako munapulumutsa ndani?"

A Gondwe anaima duu. Aka kanali koyamba kuwaona ataima osagwedeza chiwalo chilichonse.

"Sinditha kusambira," anatero.

Kenaka anapitiriza.

"Sinditha. Zaka zonsezi ndimayeretsa madamu aja ndi ndodo yaitali, nditaima patali, mtima uli m'mwamba kuti ndingaterereke. Mabwana sadziwa. Ndili mnyamata, mng'ono wanga anakokoloka pa mtsinje wa Rukuru ine ndili pamtunda, ndipo ndinathamanga chimodzimodzi mmene munandionera tsiku lija. Amayi athu anatiletsa tonse kuyandikira madzi. Ndinamvera. Taonani phindu la kumvera kwangako. Kawiri tsopano."

 Mayi anatenga simbi n'kuyamba kusita malaya amene anali atasita kale. Amene anayankha ndi Mama. Sankamva Chichewa chonse, koma chiyambire maliro aja ankakhala pakhomo pake tsiku lonse, ndipo wina anamumasulira. Mama anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka atagwira Asanda padzanja, mwana yekhayo amene anamutsalira, n'kudzamuimika patsogolo pa a Gondwe. "Mthathe, Tata," anatero. Mutengeni, bambo. Mayi anga anayang'ana Mama kwa nthawi yaitali. Madzulo ake, akundipaka mafuta, anangoti, "Ukapite. Koma ukabwera wamwa madzi, ine ndi a Gondwe tidzaonana."

Sabata imeneyo a Gondwe anayamba ndi zimene mphunzitsiyo anawauza. Anadzaza beseni pakati pa bwalo, nagwada, nalowetsa nkhope yawo m'madzi n'kumatulutsa mpweya, madzi akuchita bwatabwata. Anadzuka ndevu zikudontha, maso ali psuu, akutsokomola. "Ndafa kodi?" anatifunsa. Tinapukusa mitu. "Bwera, mzukulu." Ndinagwada pambali pawo, ndikununkhiza pulasitiki wa beseni ndi sopo wotsalira, ndipo nditaona nkhope yanga ikugwedezeka m'madzimo ndinadzuka n'kuthawira kuseri kwa chimbudzi. Sananditsatire. Mawa lake anadzazanso beseni, ndi mkuja wake, mpaka tsiku lina ndinaviika mphuno yokha.

Loweruka tinakwera takisi mpaka ku Fish Hoek, kenaka sitima imene imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Tinalipo ana ochepa chabe. Ine ndinakhala mbali yoyang'ana kuphiri, maso nditatsinzina. Tinatsika ku St James, kumene kuli dziwe lomangidwa ndi khoma la simenti m'mbali mwa nyanja, loti madzi ake ndi a m'nyanja momwemo koma mafunde amathera pakhomapo. Kumeneko tinapeza mayi wina wamfupi, wa mapewa otambalala, wochokera ku Ocean View, mwana wa msodzi, amene pa utsikana wake anagwirapo ntchito yopulumutsa anthu pagombe. A Gondwe anamudziwira kusitolo kumene ankagula klorini. Tinkamutchula kuti anti Lona.

Anti Lona analowa mpaka m'chiuno n'kutambasula manja. Palibe anasuntha. Tinaima pamchenga titapanikizana ngati anapiye, Asanda akulira chamumtima. Anatiitana m'Chingelezi, anayesa m'chiXhosa chake chothyokathyoka, koma ayi ndithu. Pamenepo a Gondwe anavula ovolosi. Anatsala ndi kabudula wa mpira wofika m'mawondo, miyendo yawo yowonda ndi yotuwa ili poyera, nthiti zikuwerengeka. Anthu ena amene ankawothera dzuwa anayamba kumwetulira. Iwo analowa pang'onopang'ono, ndipo madzi atafika m'mawondo anaima, monga tsiku lija.  Anti Lona anati, "Stadig, Oupa," kutanthauza kuti pang'onopang'ono agogo, n'kuwagwira dzanja. A Gondwe anaponda kachiwiri. Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa, ndipo anatembenuka kutiyang'ana, mano akugundana.

"Ine ndikuopa kuposa nonsenu," anatero. "Tiyeni tidzaopere limodzi muno."

Asanda ndiye anayamba kulowa. Ine ndinali womaliza.

Chilimwe chonsecho Loweruka lililonse tinali m'sitima. Ndimakumbukira kuyabwa kwa mchere pakhungu pobwerera, buledi wonyowa amene tinkadya titakhala pakhoma, ndere zoterera pansi pa mapazi, ndi kulira kwa sitima ikamadutsa pamwamba pathu. Anti Lona sanayambe ndi kutiphunzitsa kupalasa. Anayamba ndi kugona chagada pamadzi, makutu ali m'kati, mimba kumwamba, kupuma modekha. Ankati madzi amanyamula munthu amene sakulimbana nawo. Anatiuzanso za malo odekha opanda thovu aja, kuti ndi pamene madzi amabwerera kunyanja ngati mtsinje, ndipo akakutenga usalimbane nawo, uyandame, ukweze dzanja. Atanena zimenezo Asanda anatuluka m'madzi n'kukakhala yekha pamchenga, ndipo tinamusiya.

Ana anzanga anaphunzira msanga. Otsalira tinali awiri, ine ndi a Gondwe. Munthu amene sankatha kukhala pampando ankayenera kugona phee pamadzi, ndipo zinkawakanika. Anti Lona akangochotsa dzanja pamsana pawo, ankapinda thupi, miyendo n'kumira, n'kudzuka akulavula ndi kutukwana m'chiTumbuka. Ine ndinkachita chimodzimodzi pambali pawo. Pobwerera m'sitima ankandiuza kuti, "Ife awiri tili ndi miyala m'mimba, mzukulu. Koma tiichotsa umodziumodzi." Pofika kumapeto kwa chilimwe ankatha kuyandama pang'ono, nkhope ili gwaa ngati munthu amene akumetedwa ndi lumo lobuntha. Kupalasa kokha kunawakaniratu.

Loweruka lina mphepo inali yamphamvu ndipo nyanja inali itadzaza. Anti Lona anatiuza kuti tisayandikire khoma la kunyanja, ndipo anali mbali yosaya akuthandiza ana aang'ono. Ine ndinali chapakati, pamene madzi ankandifika pachifuwa, a Gondwe ali chapafupi. Funde lalikulu linamenya khoma n'kulumphira m'dziwe. Silinali loopsa kwa munthu wodziwa, koma linandinyamula, ndipo pobwerera madziwo anandikokera mbali yakuya. Ndinafuna pansi ndi phazi, pansi panalibe. Madzi anandilowa m'mphuno, owawa, ndipo zonse zimene ndinaphunzira zinauluka. Ndinayamba kukwera madzi ngati makwerero. Ndinafuna kukuwa, mawu osatuluka, ndipo ndinadziwa kuti izi ndi zimene Lwazi anaona: gombe lili pafupi, anthu akuseka, popanda wodziwa.

Kenaka ndinamva mawu pafupi ndi khutu langa. "Gona chagada! Tadala, chagada! Yang'ana kumwamba!"

Anali a Gondwe. Anali atadziponya mbali yakuya, kumene ngakhale iwo sakanaponda pansi, ndipo popeza kupalasa sankatha, anafika chagada, akumenya madzi ndi miyendo ngati chule. Sanandigwire, pakuti anti Lona anatiphunzitsa kuti womira amamiza mnzake. Anangogona pambali panga n'kumalankhula, mawu akudukaduka. "Ona mtambo uwo. Puma. Ndili pompano. Puma." Ndinaponya mutu kumbuyo. Makutu analowa m'madzi, phokoso lonse linazima, ndipo miyendo yanga inakwera yokha. Ndinaona mtambo, ndi mbalame yoyera ikulimbana ndi mphepo. Zala zawo zinakhudza zanga. Tinayandama choncho, nkhalamba ndi mwana, mpaka anti Lona anafika n'kutikokera kosaya.

Titafika pamchenga a Gondwe anakhala pansi. Anakhala ndithu, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira mosabisa, madzi a m'maso akusakanikirana ndi a m'nyanja. Ine ndinkasanza madzi amchere pambali pawo. Atatha anapukuta kumaso n'kunena kuti, "Amako tikawauze tokha, asamve kwa ena."

Anawauzadi, ataimirira pakhomo pathu, osachotsapo kanthu. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti kusambira kwathera pomwepo. Koma Loweruka lotsatira ndinadzuka n'kupeza atandikonzera kale buledi, mapaketi awiri, ina yanga, ina ya a Gondwe.

A Gondwe anabwerera ku Rumphi ine ndili ku sekondale, mawondo atayamba kuwavuta, ndipo anamwalira komweko patapita zaka zochepa. Uthenga unatipeza mochedwa, maliro ataikidwa kale. Kupalasa sanakuphunzire mpaka kufa. Asanda anakula n'kukhala mmodzi wa opulumutsa anthu pagombe, ndipo ndikamuona atavala yunifolomu yake, maso ali kunyanja, sindimuyankhulitsa.

Ine ndimasambira, koma ndinganame nditati mantha anatha. Nthawi iliyonse madzi akandifika pachifuwa mtima umayamba wagunda, ndipo ndimaulola ugunde, kenaka n'kulowa. Mwana wanga ndinamulowetsa m'dziwe lija asanayambe n'kuyenda komwe. Mayi anga ankabwera nafe, koma ankakhala patali pamchenga, atafunda chitenje, chikwama chili pamiyendo, akutiyang'anira ngati mlonda.

Chilimwe chathachi, tsiku lina lopanda mphepo, ndinatuluka m'madzi n'kuwapeza atavula nsapato. Tsitsi lawo layera tsopano, ndipo amayenda mokoka mwendo umodzi.

"Tadala," anatero, osandiyang'ana, "kodi madziwo ndi ozizira kwambiri?"

"Poyamba pokha, amayi."

Anapinda chitenje mpaka m'mawondo, nandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandisiyira zipsera. Tinalowa mpaka m'akakolo. Anaima, akupuma mofulumira, akuyang'ana mdzukulu wawo akusambira kutsogoloko.

"Usandisiye," anatero.

"Sindikusiyani."

"Chabwino. Tiye pang'ono kutsogoloko."